Nyimbo Zotsiriza za ku Nyanja ya Geneva

M'dziko la Switzerland, m'mphepete mwa nyanja ya Geneva, muli tauni yaing'ono yochedwa Montreux, yozingidwa ndi mapiri atali. M'caka ca 1979 gulu la oimba la Queen, la ku London, linagula kumeneko nyumba yojambuliramo nyimbo, dzina lace Mountain Studios. Pofuna kupeka nyimbo popanda cowasokoneza, oimbawo anali kukhala m'nyumba ina ya m'mbali mweni-mweni mwa madzi, imene inadziwika kuti Duck House, ndiko kuti nyumba ya abakha.

Mtsogoleri wa nyimbo m'gululo anali Freddie Mercury. Iye anabadwira pa cisumbu ca Zanzibar m'caka ca 1946, ndipo makolo ace anamucha Farrokh Bulsara. Banja lao linasamukira ku England mu 1964. Anali munthu wozolowera phokoso la mizinda ndi makamu a anthu oomba m'manja. Koma citapita caka ca 1986 gululo silinaimbenso naye pabwalo, ndipo posacedwa matenda a Edzi anayamba kumfooketsa. Atola-nkhani anali kumlonda pakhomo pace ku London. Bata la kunyanja ndilo linakhala pothawira pace.

Kumayambiriro kwa 1991 anzace atatu, Brian May, Roger Taylor ndi John Deacon, anatsagana naye ku Montreux. Onse anadziwa kuti masiku ace atsala ocepa, komabe anasunga cinsinsi ca mnzao. Iye anawauza kuti amlembere mau alionse amene angathe, iye adzaimba pamene liu likalipo, ndipo iwo adzatsiriza nchitoyo m'mbuyo mwace. Motero nchito inayenda cobwerera: mau a woimba anayamba kujambulidwa, zoimbira zambiri n'kudzaikidwa pambuyo pace. Tsiku limene thupi linalola, anali kuimba kanthawi kocepa. Tsiku limene linakana, anzace anali kungoyembekeza.

Ali kuyang'ana madzi a nyanjayo, anapeka nyimbo yochedwa A Winter's Tale. M'mwezi wa May anaimba ina, Mother Love, koma asanafike ndime yotsiriza anatopa, nanena kuti akapumule, adzabweranso. Sanabwerere. Pa 23 November, 1991 anaulula poyera za matenda ace, ndipo m'mawa mwace anamwalira ku London ali ndi zaka 45. Ndime yotsalayo anaiimba ndi Brian May.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Patapita zaka zinai, mu 1995, anzace aja anakwaniritsa pangano lao naturutsa cimbale cochedwa Made in Heaven. Mu 1996 anthu anaimika cifanizo cace ca mkuwa ku Montreux, cikuyang'ana kumadzi.

Nkhani iyi iri ndi kanthu kwa banja lirilonse limene likudwazika munthu. Kawiri-kawiri wodwala amamlanda khasu msanga, amamleka kumfunsa nzeru, ndipo amamsiya m'nyumba ngati wapita kale. Amuna atatu aja sanatero. Sanathe kumciritsa mnzao, koma anacepetsa liwiro lao kuti lilingane ndi mphamvu zace, nampatsa mpata wakugwira nchito imene anaikonda kufikira mwezi umene thupi lace linalephera. Cimene anasiya cosatha, iwo anacitola nacitsiriza.