Nsomba ya m'botolo ndi kapepala kake

Ntchito yanga ndi yokonza nsomba zokakhala m'mabotolo kuti akatswiri azikaziyeza. Pa dooko la ku Senga Bay amandiseka kuti ndimagula ndiwo n'kuziwononga ndi mankhwala. Sindiwatsutsa, chifukwa nsomba yolowa mu fomalini ngakhale mphaka saiyandikira.

Ntchitoyi ndi ya changu. Utaka waumuna ukangovuulidwa umanyezimira, zipsepse zili ndi mzere woyera kapena wachikasu m'mphepete, koma pakangopita mphindi zochepa zonsezo zimazilala. Choncho ndimayamba ndajambula. Kenako ndimadula kachidutswa ka chipsepse cha kumanja n'kukaponya m'kabotolo ka ethanol, nsombayo isanakhudze fomalini, poti fomalini amawononga DNA. Ndikatero ndimaigoneka pa kabolodi kofewa, mutu kuloza kumanzere, n'kutambasula chipsepse cha pamsana ndi timapini, munga uliwonse uime pawokha. Ndimapaka fomalini ndi kaburashi, zipsepse ziume zili chotambasuka, n'kubaya jakisoni m'mimba kuti matumbo asaole. Ikakhala masiku angapo m'mankhwalawo ndimaitsuka ndi madzi n'kuisamutsira mu ethanol wa 70 peresenti. Mmenemo itha kukhala zaka 100, koma yotuwa ngati chala chokhalitsa m'madzi ochapira.

Apa ndiye pagona vuto. Mbuna, utaka ndi zisawasawa zambiri zimasiyana makamaka ndi maanga a yaimuna nthawi yoswana, ndiponso ndi malo amene zimakhala. Zazikazi zina ungaziike khumi pa thebulo, za mitundu itatu, katswiri n'kumangokanda m'mutu. M'botolo maanga kulibe. Chotsala n'kuwerenga mamba, minga ya pamsana, timinga ta m'kati mwa zopumira, n'kutulutsa kafupa ka mano a kukhosi. Mitundu iwiri yosakwatirana m'nyanja itha kufanana pa zonsezi.

Mayina ambiri amene timagwiritsa ntchito anapangidwa ndi anthu amene anaziona nsombazi zitatuwa kale. Cuthbert Christy anasonkhanitsa nsomba za nyanja ino mu 1925 ndi 1926, zinakafika ku London, ndipo Ethelwynn Trewavas anatchula mitundu yambiri yatsopano mu 1935 kuchokera m'mabotolo omwewo. Mayi Trewavas anali ndi diso, zimenezo sitingakane. Koma timapepala ta nsomba zina zakale timangoti Lake Nyasa basi, nyanja ya makilomita oposa 500 m'litali, osanena ngati ndi ku Karonga, ku Likoma kapena kuno. Lero ukagwira nsomba pa Namalenje yofanana ndi ya m'botolo lakalelo, ndi ina ku Nkhata Bay yofanananso nayo, koma ziwirizi zili ndi maanga osiyana, dzina lija ndi la iti? Botolo siliyankha.

N'chifukwa chake mayina amasinthasintha. Utaka unapatsidwa gulu lakelake la Copadichromis mu 1989 m'buku la David Eccles ndi Trewavas, ndipo mu 2006 Jay Stauffer ndi Ad Konings anapatulamo ina n'kuiika m'gulu la Mchenga. Mbuna yamizeremizere imene katswiri wina, Boulenger, anaitcha zebra mu 1899, ena amailemba Maylandia, ena Metriaclima, ndipo akatswiri anakanganapo zaka zambiri. Ngakhale chambo chimene tonse timadya: kale mabuku ankawerenga saka ndi karongae ngati mitundu iwiri, pano ambiri amati ndi umodzi. Pulojekiti ya SADC ndi GEF itakhazikika kuno ku Senga Bay cha m'ma 1990, inasonkhanitsa nsomba zambiri zedi, ndipo buku limene Jos Snoeks wa ku Tervuren anakonza mu 2004 lili ndi mitundu yochuluka yongotchulidwa ndi mayina ongoyembekezera. Akatswiri amayerekeza kuti nyanjayi ili ndi mitundu 800 kapena kuposa, ndipo yambiri ilibe dzina lenileni mpaka pano.

Si nsomba zokha. Mlendo wina wofufuza akangaude amene ndinamuperekeza usiku m'thengo la kuphiri ankafuna kangaude uja woluka kaukonde, n'kukagwira ndi miyendo yakutsogolo, n'kukaphimba nako kachilombo kodutsa pansi. Anandiuza kuti kwawonso n'chimodzimodzi: mitundu ina inatchulidwa kalekale kuchokera pa kangaude mmodzi, mwina wamkazi yekha, ndipo a kuno ku Africa amene ankatchedwa Deinopis anawasamutsira m'gulu la Asianopis mu 2022 atayeza DNA. Iye amasuzumira ziwalo zoberekera pa makina okulitsira, ine ndimawerenga mamba.

Ndiye ine ndinaona kuti luso langa lenileni lili pa kapepala. Ndimalemba ndi pensulo, chifukwa inki wamba amasungunuka mu ethanol, ndipo kapepalako kamalowa m'botolo momwemo, osati kumata kunja. Pamakhala tsiku, malo, kuya kwake, chida chogwirira, kaya chilimira, kaya matchera, ndi nambala yomwe ilinso pa chithunzi ndi pa kabotolo ka chipsepse. Zoonadi za malo zimavuta kuzipeza, poti msodzi saulula chirundu chake, malo amene amaphapo nsomba, kwa munthu wamba.

"Achimwene, imeneyi mwaikola pati?"

"Kunyanja komweko, bambo."

"Nyanja ndi yaikulutu. Cha ku Maleri kapena kuno?"

Amayamba waseka, n'kuyang'ana anzake, kenako n'kuloza ndi mlomo. Ukamugulira tiyi ndi mandasi amakuuzanso mikwamba ya kuya kwake. Ndimalembanso dzina limene iye waitchula, chifukwa asodzi okalamba amasiyanitsa utaka umene ine ndimauona ngati umodzi, ndipo nthawi zina katswiri akadzayeza amapeza kuti asodzi aja ankanena zoona. Nsomba yogula kwa wogulitsa pamsewu, yoti yadutsa m'manja atatu, sindiilandira ngakhale ikhale yachilendo chotani.

Ophunzira akabwera kuchokera ku Bunda kapena ku Mzuzu amafuna ndiwauze dzina pomwepo, alembe m'kope. Pamene ndikudziwa ndimawauza. Pamene nsombayo ili pakati pa mitundu iwiri ndimalemba dzina la gulu lokha, n'kuwonjezera malo ndi maanga amene ndinaona isanazilale. Ena amakhumudwa, amati mkuluyu sadziwa ntchito. Koma dzina lolakwika likangolowa m'kaundula, wotsatira amalikopera, winanso n'kulikopera, ndipo wodzalichotsa ayenera kutsegula botolo lililonse n'kuyambiranso kuwerenga mamba.