Pa nkhani ya malo, anthu amagula mawu ako

Ntchito yanga ndi yogula malo kuno ku Lilongwe, kumangapo nyumba, kenaka kugulitsa kapena kuchititsa lendi. Ambiri amati mpamba wa ntchitoyi ndi ndalama. Zimafunikadi, koma wogula puloti saona zonse zomwe akulipirira. Amadalira pakamwa pa wogulitsa, ndipo pakamwapo pakakhala bodza, thukuta lake la zaka zambiri limapita pachabe.

Ndisanagule malo ndimayamba ndawaponda ndekha. Ndimayenda m'malire monse kufunafuna mabikoni, ndipo ndikapeza ina itapendekeka, dothi lake lili lofewa ngati aizika dzulo, ndimaitana oyandikana nawo. Ndimachezanso ndi amayi pamjigo, chifukwa iwo ndiwo amadziwa ngati mwini malo adamwalira, amalume n'kumagulitsa ana amasiye asakudziwa. Akakhala malo a lizi, ndimapita ku ofesi ya za malo kukaona dzina lomwe lili m'kaundula, zaka zomwe zatsala pa zaka 99 za liziyo, ngongole ya msonkho wa malo, komanso ngati malowo sadawaike chikole kubanki. Akakhala a makolo, kalata ya mfumu payokha siikwanira. Banja lonse likhalepo, mboni zisayine. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayeso enieni amadza pogulitsa. Mu Okutobala dambo ndi mtunda sizisiyana: udzu wapsa, nthaka yauma gwa. Ine ndimadziwa pomwe madzi a Lingadzi amalekeza mvula ikalimbika, wogula sadziwa. Ndimamutengera pa mpanda wa nyumba yoyandikana, n'kumulozera mzere wa matope womwe udatsala pakhoma. Ndimati, "Bambo, apa mungathe kumanga, koma fawundeshoni idzakudyerani ndalama, n'chifukwa chake mtengo ndatsitsa." Ena amabwerera pomwepo, ndipo ndimawalola apite. Aliyense amene adaona zomwe namondwe Freddy adachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Malichi 2023, akudziwa kuti kubisa vuto la malo n'kusewera ndi moyo wa anthu.

Amandimvetsa chisoni kwambiri ndi abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande. Amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, n'kumaona nyumba yawo pa WhatsApp pokha. Dobadoba wopanda chisoni amajambula nyumba ya eni, kapena kugulitsa puloti imodzi kwa anthu atatu. Ine ndikamangira m'bale wa kunja wotere, ndimamutumizira lisiti la thumba lililonse la simenti. Pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zomangira idakwera, koma malata omwe ndidagula kale ndidawawerengera pa mtengo wakale, poti ndalama zogulira zidali zawo.

Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo phindu lina limandidutsa ndikuliona. Koma amene ndidamuuza zoona za dambo uja ndiye amanditumizira mlamu wake, mlamuyo n'kunditumizira mnzake wa kuntchito. Wachinyamata wofuna kulowa ntchitoyi ndimamuuza kuti dipoziti ya wochita lendi asaidye, vuto la malo alinene wogula asanafunse, ndipo malo omwe sangamangirepo mayi ake asagulitse kwa mayi a wina.