Kumbuyo kwa mnyamata wa ku Kauma

Misewu ya ku Area 43 imanamiza munthu. Ukadzuka m'mamawa, agalu akuuwa kuseri kwa mipanda ya njerwa, umapalasa mumsewu wa Ufulu wekhawekha n'kumadziona kuti ndiwe katswiri. Kulibe minibasi yokupanikiza, kulibenso chitunda chokuvula ulemu. Dzinja lonse ndinkazungulira m'menemo, kudzera ku Area 10 ndi Area 12, mpaka mimba inaphwa ndipo anzanga kuntchito anayamba kufunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Mvula itatha mu Epulo 2024, ndinalowa kagulu ka anthu opikisana pa njinga zapamsewu.

Kaguluko ndi kosakanikirana. Muli owerengera ndalama, muli dokotala, azungu angapo a m'mabungwe, komanso anyamata a ku Area 25, ku Kawale ndi ku Kauma amene njinga ndiyo khasu lawo. Palibe wolandira malipiro. Mipikisano timakonza tokha: kusonkherana kangachepe, kupeza galimoto yotitsatira ndi madzi, mphoto n'kukhala kaenvelopu kapena tayala latsopano. Msewu sautseka. Umapikisana ndi anzako kwinaku ukupewa mathiraki, mbuzi ndi maenje. Ndondomeko yathu imalembedwa ndi nyengo, chifukwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala ndi pamene phula limakhala louma.

Mpikisano woyamba unali pamsewu wa ku Mchinji, kukakhotera ku Namitete n'kubwerera. Msewu umenewu ulibe zitunda zoopsa, ndiye ndinaimika njinga yanga pamzere mtima uli m'malo. Ndi ya aluminiyamu, ndinaitanitsa ku Johannesburg, ndipo mwana wa sitandade 5 akhoza kuinyamula ndi dzanja limodzi. Pambali panga panaima mnyamata wowonda, wa zaka zosapitirira makumi awiri ndi zisanu. Njinga yake inali yachitsulo, yapakaunjika, utoto utasupuka mpaka dzina la kampani losawerengeka. Magiya ankasinthira pansi, pa chitsulo chapakati, monga zinkakhalira njinga za mpikisano zakale. Pahandulo anakulungapo chubu chakutha chochita kuchilenza, botolo la madzi analimangirira ndi mphira, kuphazi anavala nsapato za mpira zometa mano. Koma tcheni chinali chotsuka bwino, chonyezimira, ndipo atazunguza tayala lakumbuyo silinagwedere ngakhale pang'ono.

Tinadutsa pa Chitedze tili gulu limodzi, mphepo ikutikankha kumsana. Pa Msundwe ndinali ndikupumabe bwino. Zinthu zinasintha titakhota. Mphepo yomwe ija inatiwomba kumaso, akutsogolo anawonjezera moto, ndipo pakati pa ine ndi tayala la mnzanga panatseguka mpata wa mkono umodzi, kenaka wa galimoto, kenaka ndinangowaona akuchepera patali. Wosapalasa sangamvetse kuti kampata kotereka n'kowawa bwanji. Munthu wobisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, chifukwa wapatsogolo ndiye akung'amba mphepo. Ukangotsalira, mphepo yonse ndi yako.

Ndili wefuwefu chomwecho, ndinapeza mnyamata uja akupopa tayala m'mbali mwa msewu. Posakhalitsa anandipeza, n'kuchepetsa liwiro.

“Madala, khalani kumbuyo kwangaku. Musamayang'ane kutali, yang'anani tayala langali. Ndikaloza pansi ndiye kuti pali dzenje.”

Anandikoka mpaka pa Njewa, kenaka anandibayibitsa n'kuthamangira gulu. Pambuyo pake ndinamva kuti amakhala ku Kauma, kufupi ndi kwathu komweko, ndipo mkati mwa sabata amapalasa kabaza.

Kuyambira pamenepo tinkakumana Loweruka lililonse kusanache. Njira yathu inali yodzera ku Kanengo, kumene nthawi imeneyo malole a fodya amandandalika podikira kutsitsa mabelo ku okushoni, n'kulowera ku Lumbadzi. Iye ndiye anandiphunzitsa mpikisano weniweni: kudya nthochi njala isanayambe, kumwa madzi ludzu lisanafike, kusinthana potsogolera gulu popanda kudzionetsa mphamvu, kumvetsera kulira kwa injini kumbuyo n'kudziwiratu ngati woyendetsayo akupatse mpata kapena ayi. Ambiri sapereka. Kwa oyendetsa galimoto ochuluka m'dziko muno, wanjinga ndi munthu woyenera kutsikira m'fumbi akangomva hutala, ndipo m'malo ambiri m'mphepete mwa phula munadyeka, mwatsala mano okhaokha. Tayala lopyapyala likatsika pamenepo mothamanga, mwini wake amakadzukira kuchipatala.

Pamsewupo sitikhala tokha. M'mawa uliwonse timakumana ndi azibambo okankha matumba a makala osanjikizana kuposa msinkhu wawo, ena nkhuni, ena nkhuku m'madengu. Tsiku lina pachitunda, bambo wina wa pa njinga ya Buffalo, atanyamula thumba la chimanga pakaliyala, anatimamatira kumbuyo mtunda wautali ndithu, atavala patapata, n'kumatiseka. Njinga imeneyo payokha imalemera makilogalamu oposa 20. Malamulo a bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, la UCI, amati njinga ya mpikisano isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, ndipo za akatswiri zimakhala chapomwepo. Ndinamuyang'ana bamboyo akatumba a m'miyendo, n'kudziwa kuti akanakwera yangayi bwenzi nkhani ili ina.

Miyendo m'Malawi muno ilipo yambiri. Chimatigwetsa n'chitsulo. Mukayenda m'masitolo a mumsewu wa Malangalanga ku Old Town mupeza masipoko, mabelo, zishalo ndi matayala a njinga zonyamula katundu, koma tayala lopyapyala la mpikisano kapena chubu cha kavavu kowonda n'zosowa. Timachita kutumiza anthu opita ku Joni, n'kudikira masabata. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nthawi yomweyo. Kwa ine izi zinatanthauza kudandaula pang'ono pomwa tiyi. Kwa mnyamata wa ku Kauma tayala limodzi linasanduka ndalama ya masiku ambiri onyamula anthu. N'chifukwa chake machubu ake anali zigamba zokhazokha, ndipo tayala likang'ambika m'mbali ankalisoka ndi ulusi wa nsapato n'kuikamo kachidutswa ka lina mkati.

Vutoli silinayambe lero. Pamene Malawi inapita koyamba ku Olympics, ku Munich mu 1972, m'gululo munali opalasa njinga. M'zaka za m'ma 1980, ku Los Angeles ndi ku Seoul, mbendera yathu inanyamulidwa pamsewu ndi anthu monga Dyton Chimwaza, Daniel Kaswanga, George Nayeja ndi Amadu Yusufu, maina amene achinyamata a lero sanawamvepo. Mu 2014, pa masewera a Commonwealth ku Glasgow, Leonard Tsoyo ndi Missi Kathumba anapita ndi njinga zawo kukakonzetsa pasitolo ya Billy Bilsland Cycles, ndipo eni sitoloyo ataziona anaganiza zongowabwereka zina zoti apikisanire. Nyuzipepala za kumeneko zinailemba ngati nkhani ya mtima wabwino wa anthu a ku Scotland, ndipo ndi zoona. Ine ndikaikumbukira ndimachita manyazi kuti tinatumiza anthu kukaimirira dziko pa njinga zomvetsa chisoni makaniko.

Mu Julayi, nthawi ya Tour de France, ndinaitanira anyamata kunyumba kudzaonera pa kanema. Chinali chaka cha Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene anapambana magawo atatu n'kutenga malaya obiriwira, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana gawo la mpikisanowu. Tonse tinkakuwa. Mnzanga wa ku Kauma yekha anali phee, maso ali pa magalimoto otsatira m'mbuyo, aliyense atasenza njinga padenga.

“Madala, zonsezo n'zongodikira kuti ina ikaonongeka?”

Ndinavomera. Anapukusa mutu n'kupitiriza kudya mtedza.

Za mpikisano wa ku Dedza mu Ogasiti sindinena zambiri. Mwera unali pachimake, zala zinachita dzanzi tisanafike pa Nathenje, ndipo phiri la Nkhoma ndinaliona nthawi yaitali kwambiri lisakusuntha. Kuchokera pa Linthipe msewu umangokwera, poti Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pamene Lilongwe ali cha pa 1,050. Ndinamaliza, ndiye nkhani yake. Mnzangayo anafika kalekale, ndinamupeza akudya tchipisi pachiwaya.

Wotsekera chaka unali wa ku Salima, kumapeto kwa Okutobala, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Anthu amati kupita kunyanja n'kotsetsereka kokhakokha, poti nyanja ili pansi pa mamita 500. Amatero chifukwa amapita pagalimoto. Theka loyamba la msewu wa M14 limadutsa m'mapiri a ku Dowa, kukwera n'kutsika, kukweranso, ndipo chitunda chilichonse chimakudya pang'ono. Tinanyamuka dzuwa lisanatuluke pothawa kutentha. Minda inali yoyera, ena atayamba kale kugalauza podikira mvula, utsi wa mapesi uli tolo m'zigwa. Nthawi ino ndinadziwa pobisala. Ndinakhala pakati pa gulu, osatsogolera, kudya kambatata kanga mwakachetechete, ndipo pa Chezi, amayi akuyala tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu, ndinali ndidakali ndi akutsogolo. Sizinandichitikirepo chaka chonse.

Kupitirira Mvera, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazika mishoni yawo yoyamba mu 1889, dziko limagwera kuchigwa. Apa njinga imathamanga yokha. Umagona pahandulo, mawondo atapana chitsulo, zala ziwiri zili pa buleki, misozi ikuuluka chammbali. Makhotawo amabwera motsatizana, ndipo pa lililonse umapemphera kuti kuseriko kusakhale ng'ombe kapena lole yofera pamsewu, yoikidwa masamba m'malo mwa chizindikiro. Mpweya umasintha ukuumva. Kamphepo kozizira ka ku Dowa kamatha, m'malo mwake kumabwera kutentha konga kwa uvuni wa njerwa, ndipo malambe amayamba kuoneka apa ndi apo.

Chakumunsi kwa mtsetsewo ndinamva kuphulika. Mnzanga uja, amene anali wachiwiri pamzere, analowa m'dzenje lobisika ndi mthunzi. Sanagwe, koma tayala lakutsogolo linang'ambika pomwe anasoka paja, chubu chili panja. Ndinaima. Kunena zoona miyendo yanga inali itayamba kale kukokana, ndipo ndinkadziwa kuti pachigwa chotenthacho andisiya basi. Mwamwayi matayala athu akutsogolo anali ofanana, ngakhale njinga yake inali yakale. Ndinamasula langa.

“Iyayi madala, nanga inu?”

“Mphwanga, ukuchedwa. Kwera.”

Anamanga, anadumphira pachishalo, ndipo ndinamuona akuimirira pamapedulo mpaka anazimiririka pakhota. Ine ndinakhala pansi pa mtengo ndi njinga ya tayala limodzi, ana a m'mudzimo atandizinga. Wina anagogoda chipewa changa kuti amve ngati n'cholimba. Mayi wina anandigulitsa thobwa m'botolo, lozizira bwino, ndipo ndinamwa awiri galimoto yathu isanafike.

Zotsalazo ndinaonera pa lole, titaunjikana ndi ena otopa. Tinamupeza atawapeza kale akutsogolo, malaya atayera ndi mchere wa thukuta. Pamzere womaliza, polowa m'tauni ya Salima, anyamata awiri a njinga zopepuka anamuposa pa liwiro la kumapeto, iye n'kukhala wachitatu. Envelopu yake anaipinda kawiri n'kuilowetsa m'sokosi.

Masiku amenewo mafuta anali atasowanso m'dziko, mizere ya magalimoto ili mbwee m'mafilingi siteshoni, ndipo mitengo ya maulendo inali itakwera. Pa lole yathu malo analipo, koma anthu ankafuna kukasamba kaye ku Senga Bay n'kugona konko, pamene iye sankafuna kuononga ndalama pa malo ogona. Anati ali ndi azakhali ake ku Salima komweko, ndipo abwerera yekha m'mawa mwake. Ndinamufunsa ngati akutanthauza pa minibasi. Anaseka. Minibasi ikanamulipiritsa iye ndi njinga yomwe, komanso mafuta akasowa ndi pamene kabaza amapanga ndalama, ndiye Lolemba anafunika kukhala pasiteji m'mamawa. Lamulungu anakwera mtsetse wonse uja chobwerera, pa tayala langa.

Analibweretsa Lolemba madzulo atalitsuka, sipoko imodzi yomwe inkalira ataikunga. Sanalipereke msanga. Analizunguza m'manja, n'kufunsa kuti ndingamugulitse zingati. Ndinamuuza kuti angotenga, iye anakana, akuti chaulere chimadzetsa mawu mawa. Ndinatchula mtengo, anati wachepa kwambiri moti ndikumunyoza. Anatchula wake, ndinati wachuluka. Tayalalo lili panjinga yake, ndipo za mtengo tinagwirizana kuti tidzamaliza mvula ikatha.