Siteshoni ya ku Luchenza

Kwathu ku Luchenza tinkadziwa nthawi popanda wotchi. Sitima ikangolira chakutali, amayi ankaphula mphika, kusenza dengu la nthochi, n'kundikuwira kuti, "Tenga nzimbezo iwe, tisakaipeze itanyamuka!" Ine pambuyo pawo tsatetsate, mtolo uli pamutu, phiri la Mulanje lili chakum'mawa ngati likutiperekeza.

Agogo anga aamuna anaiona njanji imeneyi ikuyalidwa. Paunyamata wawo anali amtengatenga, ndipo ankatisonyeza pamutu pamene tsitsi linaperepeseka ndi akatundu a azungu. Ankati madzi a mu Shire atayamba kuchepa, sitima zapamadzi zinkatitimira mumchenga, katundu n'kumaunjikana padooko. N'chifukwa chake kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kuwoloka Shire pa Chiromo, kukwera motsata mtsinje wa Ruo, kudzera kwathu kuno, mpaka inakafika ku Blantyre mu 1908. "Chitsulo chimenechi n'chimene chinatitula mitolo," ankatero agogo, akuloza njanjiyo ndi ndodo yawo.

Siteshoniyo sinali yaikulu, koma chilichonse chinali ndi malo ake. Panali nyumba yofolera malata, yakhonde, ndi kazenera kogulira matikiti. Pambali pake panali sikelo yoyezera mitokoma. Kutsogolo kunkadutsa njanji yaikulu, ndipo ina inkapatuka kuti sitima ziwiri zikakumana zipatsane njira. Chapatali pang'ono panali shedi ya katundu, ndi thanki pamene injini yamalasha inkamwera madzi, ikufwenthera nthunzi ngati ng'ombe yotopa ndi goli. Kuseri kwake n'kumene kunali nyumba za antchito a njanji, kenako masitolo ndi msewu wopita ku Mulanje. Tauni yonse inakula moyang'ana siteshoni, monga ana amazungulira moto.

Chimene sindingachiiwale ndi fungo la ku shedi. Malole ochokera ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo ankabweretsa mabokosi, amuna amphamvu n'kumawapakira m'mabogi akuimba. Tiyi ameneyo ankapita ku Beira, atawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, wotalika kuposa makilomita 3. Ife ana tinkakana kukhulupirira kuti mlatho ungatalike chotero, mpaka a gadi ena anachita kutilumbirira.

Sitima ya anthu ikaima, mphindi zochepazo zinali msika wathunthu. Manja ankatulukira pamazenera, amayi n'kumakweza phava la nthochi m'mwamba, ine ndikutola mapeni ndi matiki. Wenzulo ikalira, mbendera yobiriwira ikakwezedwa, tinkathamanga m'mbali mwa mabogi kuti tibweze chenji, chifukwa amayi sankalola kuti ndalama ya mwini igone m'nyumba mwathu. Mapeni amenewo ndi amene anandigulira sileti ndi yunifolomu.

Pakhonde lomwelo ndi pamene tinatsanzikana ndi amalume pamene ankapita kukafuna ntchito ku Halale, mzinda umene azungu ankautcha Salisbury. Anagwira amayi dzanja nati, "Achemwali, musalire, ndikabwera ndi njinga." Zaka zinadutsa, makalata analeka kubwera, anthu anayamba kuwatchula kuti mtchona. Koma amayi, ngakhale malonda atagwira bwanji, sankachoka asanaone nkhope ya munthu aliyense wotsika sitima yochokera kumunsi. Tsiku lina madzulo dengu linagwa pansi, nthochi mbwee! Amalume anali ataima pamenepo, imvi zitayamba, sutikesi yachitsulo ili m'manja, njinga ikutsitsidwa m'bogi ya katundu. Madzi saiwala khwawa.

Dzina la pamabogi linasintha ine ndikuona, kuchoka pa Nyasaland Railways kukhala Malawi Railways, ndipo injini zadizilo zinalowa m'malo mwa zamalasha. Mu 1970 njanji ina inatsegulidwa kuchokera pa Nkaya kulowera ku Nacala. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1997 madzi osefukira anadula njanji ku Chiromo. Tiyi anasamukira pamalole, ndipo siteshoni yathu inayamba kukhala chete.

Pano miyendo yalema, komabe ndikapita kumsika ndimadzera komweko. Mdzukulu wanga amadabwa kuti ndimaimiranji pamalo popanda kanthu. Ndimamuuza kuti apa ndi pamene agogo ake aakulu ankaika dengu, apo ndi pamene amalume anatsikira. Ndiye amakaima pomwepo, n'kuyang'ana kumunsi kumene njanji ikulowera, monga ankachitira amayi anga.