"Saluma ameneyo": Loweruka lina paphiri la Soche

Aliyense wokhala mu Blantyre ali ndi phiri lake. A ku Chilomoni amadzuka n'kuona Michiru, a ku Ndirande ali ndi lawo, a ku Bangwe chimodzimodzi. Ife a ku Chilobwe lathu ndi Soche. Ndakulira m'munsi mwake, ndipo masiku ano Loweruka lililonse ndimakwerako kukawongola miyendo.

Tsiku limenelo ndinatenga mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 9, amene anakhala akundivutitsa kuti akufuna akaone kwawo ali pamwamba. Tinanyamuka 6 koloko. Njira yake imayamba pakati pa nyumba zimene zakwera phiri chaka ndi chaka, kenako minda, kenako miyala. Tinapitirira amayi ovala zoyera akupemphera kuseri kwa thanthwe. Titafika pamwamba, mzinda wonse unali pansi pathu: damu la Chimwankhunda likunyezimira, Limbe uko, phiri la Ndirande moyang'anizana nafe. Mwana uja anangoti, "Amalume, ndijambuleni!"

Zinavuta potsika. Titayandikira nyumba zoyambirira tinakumana ndi mnyamata wamsinkhu wanga, mahedifoni kukhutu, galu wamkulu patsogolo pake. Tcheni anali nacho ndithu, koma atachikulunga m'manja. Galu atatiwona anaimika makutu. Mwana anachita zimene mwana aliyense angachite: anathawa.

"Osathawa iwe! Saluma ameneyo!"

Mawuwo asanathe, galu anali atamugwira kale pakatumba.

Bala silinali lalikulu, mano awiri basi, koma magazi ankatuluka. Mayi wina amene ankachapa pampopi anathamanga ndi sopo wake. "Bwera naye kuno, mwana wanga. Tsuka, usaleke." Anadziwa chochita mayiyo. Bala lolumidwa ndi galu limafunika kulitsuka ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione kaye.

Ndinafunsa mwini galu: "Achimwene, anabayitsa katemera wa chiwewe ameneyu?"

"Aaa, bwana, wangomukanda chabe. Amasewera choncho."

"Khadi lake lili kuti?"

"Lili kunyumba."

Mwezi umene anabayitsa sanaukumbuke, chaka chomwe. Anandipatsa nambala ya foni. Galu amene waluma munthu amayenera kumangidwa n'kumamuyang'anira masiku 10 kuti aone ngati akudwala. Ine pofika tsiku lachitatu, nambala ija inali itasiya kuyankhidwa.

Mwana analandira majakisoni ake onse, kubwerera kuchipatala kangapo, kujomba kusukulu, ndalama za minibasi zikutuluka m'thumba mwa achemwali. Ali bwino. Koma masabata amenewo achemwali sankagona, ndipo ine ndinkalephera kuwayang'ana kumaso. Chiwewe sichiseweretsa: zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi aliyense amamwalira. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Ana ndiwo ali pachiwopsezo kwambiri, chifukwa ndi afupi, amathawa, ndipo ena amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Galu sindikumuda. M'makwalala mwathu muno, kumene akuba sagona, galu ndi mlonda wosafuna malipiro. Vuto ndi ife eni ake. Timamasula agalu usiku, kukucha tili mtulo, iwo ali pamsewu nthawi imene ana akupita kusukulu ndi amayi kokapikula tomato. Galu akaswa, tiana timakatitaya kudzala, timakulira kumsika tilibe mwini. Enafe tagula agalu achizungu kuti tizijambulitsa nawo pa Instagram, koma kuwagwira pachingwe tikuona ngati ntchito.

Chowawa n'chakuti katemera sali patali. Kuyambira 2015, bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu mwaulere mu Blantyre muno mogwirizana ndi a zaziweto a boma. Cholinga n'kufikira agalu 70 mwa 100 aliwonse, chifukwa pamenepo matendawa amalephera kufalikira. Tsiku la katemera mudzaona ana atandandalika pabwalo la sukulu, agalu pazingwe. Mwana wa pulayimale akutha, wamkulu wamahedifoni akulephera chiyani?

Mukakumana ndi galu wolusa, imani chilili ngati mtengo, manja pambali, osamuyang'ana m'maso, osakuwa. Aphunzitseni ana zimenezi lero. Ndipo ngati galu ndi wanu, tcheni chikhale m'khosi mwake, osati m'manja mwanu. Njira ya kuphiri ndi ya tonse: opemphera, otola nkhuni, ana.

Ine ku Soche ndimapitabe. Sabata yatha ndinamufunsa mwana uja ngati tipitenso. Anayang'ana phiri, n'kuyang'ana chipsera chake. "Amalume, galu uja anamumanga?"

Ndinasowa chomuyankha.