Woimba akapempha m'malo mwa odwala: za ku Joni ndi za kwathu

Abale anga a ku Namwera, amene muli kumudzi ndi inu amene tikuvutikira limodzi kuno ku Joni, pali chinthu chimene ndachiona pa nkhani ya oimba othandiza anthu. Kwathu woimba amapempha ndi nkhope yake basi. Kuno amayamba ndi nkhope, koma posakhalitsa amatsegula ofesi n'kulemba munthu wosunga mabuku a ndalama.

Taonani Yvonne Chaka Chaka, mayi wa ku Soweto amene nyimbo yake ya Umqombothi inkavinidwa kuyambira pa Mangochi boma mpaka ku Chiponde. M'chaka cha 2004 mmodzi mwa oimba a m'gulu lake anamwalira ndi malungo atangobwerako ku Gabon kumene anakaimba. Ife malungo tinakula nawo, koma iye zinamudzidzimutsa kwambiri. Mu 2005 bungwe la UNICEF linamusankha kukhala kazembe wolimbana ndi matendawa, ndipo mu 2006 anakhazikitsa bungwe lakelake, Princess of Africa Foundation. Ntchitoyo inachoka pasiteji n'kulowa m'mafayilo.

Mafayilowo ali ndi phindu lake. Bungwe likavomerezedwa ndi SARS, amene amatolera msonkho kuno, limapereka kwa wothandiza lisiti ya Section 18A, ndipo iye amachotsa ndalamayo pa zimene akanadulidwira msonkho, mpaka 10 peresenti. Ndiye kampani ikamapereka si kuti bwana wake analira atamva nyimbo ayi. Akudziwa kuti pepala lilipo ndipo owerengera ndalama adzabwera. Koma tisanamizane, dongosolo limeneli ndi lozizira. Munthu wopanda pemiti ngati ambiri a ife, ukadwala, fomu yoyamba imakufunsa nambala ya chitupa chimene ulibe. Amene amakunyamula ndi achimwene ako a m'chipinda chimodzi ku Mayfair.

Kwathu zinthu zimayaka msanga. Mu 2017 Patience Namadingo anayendayenda ndi gitala m'maofesi ndi m'makomo kuimbira anthu kuti apeze ndalama zothandizira wodi ya ana odwala khansa ku chipatala cha Queens. Mu 2020 anakaima ngati chiboliboli mumzinda wa Blantyre pofuna ndalama zotumizira kuchipatala woimba mnzake wodwala, anthu n'kumaponya za Airtel Money ndi Mpamba akuonera pa Facebook. Chaka chomwecho anakhala pansi kuimba ndi agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, ndipo nyimbo ya Linny Hoo itafalikira pa TikTok dziko linakumbukira kuti nkhalamba ija ilipo ndipo imafunika kudya. Palibe komiti ya kuno imene ikanathamanga liwiro limenelo. Ine ndimamuvulira chipewa mnyamatayo.

Vuto ndi loti zonse zimatsamira pa munthu mmodzi. Akatopa, akanyozedwa pa intaneti, kapena akangotanganidwa ndi chimbale chatsopano, ntchito imaima. Komanso amene amathandizidwa ndi amene kanema wake wafika pa foni ya munthu wotchuka. Mayi wa kwa Katuli amene mwana wake watupa mimba, alibe foni yojambulira, Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chiyao, adzamuona ndani? Ndipo pali malire amene gitala sangadutse. Lucius Banda, Soja amene anaimbira amphawi moyo wake wonse mpaka kukalowa ku Nyumba ya Malamulo mu 2004, anamwalirira kuno ku Johannesburg pa 30 June 2024 akulandira chithandizo cha impso. Ngati iye anachita kuwoloka malire, kuli bwanji mlimi wa fodya wa kwa Jalasi?

Amene anandichititsa kuganiza zonsezi ndi woimba wa kutali, Farhad Darya wa ku Afghanistan, mtchona ngati ife tomwe. Nkhondo inamuthamangitsa kwawo, anakakhala ku Germany kenako ku America. A Taliban analetsa nyimbo kuyambira 1996, ndipo atathawa mu Kabul mu November 2001, wailesi inaulutsa nyimbo yake ya Kabul Jaan, anthu n'kudziwa kuti zinthu zasintha. Anabwerera kukaimba kwawo, anakhala kazembe wa bungwe la UNDP, ndipo mu 2010 bomba linaphulika pamalo pomwe anaimba ku Herat n'kuvulaza anthu. Mu August 2021 a Taliban anabwereranso ndipo nyimbo zinatsekedwanso. Mawu ake akumvekabe kunja, koma sangakaime pabwalo kwawo kupempha m'malo mwa mwana wamasiye. Ife ufulu umenewo tili nawo. Woimba wathu akhoza kuima paliponse n'kuchititsa boma manyazi, osaopa bomba. Kungoti sitinamange chilichonse pansi pake choti chigwire ndalama phokoso likatha.

Nanga ku Namwera? Oimba otchuka amathera kunyanja. Lake of Stars inkachitikira pa Nkopola, tikiti yake yoti munthu wa kumudzi sangayerekeze, ndipo ndi ochepa amene amawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri a Chowe kudzaona mmene tikukhalira. Wothandiza weniweni wa kwathu ndi mnyamata wogulitsa m'shopu kuno amene amatumiza za Mukuru mwezi ukatha, ndi zakaat ya kumzikiti, ndi amayi ophika pa sadaka. Oimba athu ndi anyamata a sikiri ndi a manganje, amene amasonkhanitsa khamu popanda chikwangwani chilichonse.

Ndipo matenda a kusalemba tili nawo ifenso. M'magulu athu a WhatsApp, uthenga wa maliro ukangofika ndalama zimasonkhana usiku umodzi. Koma gulu lina limene ndinalimo tinasonkha za mjigo, mjigo sunakumbidwe, ndipo titafunsa tinauzidwa kuti tikunyoza akuluakulu. Kuno ndaphunzira kuti kufunsa lisiti si chipongwe. Mwini shopu amafunsa ngakhale mwana wake womubereka.

Choncho ndikupempha a gulu lathu kuti tikamayamba zosonkha za chaka chino, akaunti ikhale ndi osayinira atatu, awiri akhale a kumudzi ndipo mmodzi mwa iwo akhale mayi. Mwezi uliwonse chithunzi cha buku chiziponyedwa pagulu. Tikatero tidzakhala ndi poyambira kuitana woimba wotchuka kuti adzaime pabwalo la pa Namwera mvula isanayambe, ndipo a sikiri ndiwo adzatsegule. Amene muli ku Durban ndi ku Cape Town, tiuzeni amene mungamusankhe kusunga bukulo.