Masikono a tchizi ndi tsabola a ku Kabwata

Ku Lusaka munthu akamva za masikono, lilime lake limayembekezera shuga. N'chifukwa chake kasitomala watsopano akaluma koyamba amayamba waima kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi shuga mwaiwala?" Masikono amene ndimaphika kunyumba kwanga ku Kabwata ndi amchere, a tchizi ndi tsabola. Sindiwafulatitsa pathebulo kapena kuwadula ndi kapu. Ndimangotapa ndi supuni n'kugwetsera pa thireyi, ndipo amatuluka a mabampumabampu, iliyonse ndi nkhope yakeyake.

Muyezo wanga ndi uwu: fulawa makapu awiri, baking powder masupuni aang'ono awiri, soda theka la supuni yaing'ono, kamchere, batala magalamu 80, tchizi cha cheddar magalamu 120, tsabola, ndi mabisi, mkaka wowawasa uja, pafupifupi kapu imodzi. Pamenepa pamatuluka masikono khumi kapena khumi ndi awiri. Baking powder sindidzaza supuni mpaka kusefukira. Mzinda wathu uli pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo kumtunda kotere zofufumitsa zimagwira ntchito mwamphamvu. Ukachulukitsa, masikono amakwera mofulumira n'kuphwa asanalimbe mkati.

Koma luso lenileni lili m'manja, ndipo ndi luso lodziletsa. Manja athu anakulira pa mthiko. Nsima imafuna kuivundula ndi mphamvu mpaka isalale, ndipo mtsikana aliyense amene ndamuphunzitsapo ntchitoyi amabwera ndi dzanja lomwelo. Apa ndi pamene pamaonongekera zinthu. Ufa wa tirigu ukanyowa n'kutakasidwa kwambiri umatulutsa ulimbo wake uja amati gluten. Pa buledi ulimbowo ndi wofunika, koma pa sikono umabweretsa chinthu cholimba, chotopetsa nsagwada. Choncho ndikathira mabisi ndimatembenuza ndi supuni pang'onopang'ono, ndipo ufa wouma ukangosiya kuoneka, basi, ndimachotsa dzanja. Zikhale zonyowa, zomata, zosaoneka bwino. Mtima umati onjezera kamodzi kokha, koma usaumvere.

Batala nayenso akhale wozizira, wochokera mufiriji. Ndimamuduladula n'kumufikisa mu fulawa ndi nsonga za zala zokha, osati chikhatho chifukwa chimatentha, mpaka patsale timibulu tonga nsawawa zosinja pang'ono chabe. Timibulu timeneti tikakumana ndi moto wa uvuni timasungunuka n'kutulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imasiya timipata tofewetsa sikono. Mu June ndi July ntchito imakoma chifukwa khitchini imazizira yokha. Mu October ndimadzuka kusanache, apo ayi batala amasungunukira m'mbale ndisanayambe n'komwe.

Mabisi sindiwasinthanitsa ndi mkaka wamba. Kuwawasa kwake ndi kumene kumadzutsa soda, komanso kumagwirizana ndi tchizi. Tchizi ndicho chimadya ndalama zambiri pa zonsezi, ndipo anthu ena amafuna kupulumutsa ndalama pogula chofewa chija chopanda fungo. Ine ndimati bola chochepa koma chokhwima, chakuti ukanunkhiza umve kuti ndi tchizi. Ndimachipala pa gireta ya mabowo aakulu, china n'kusunga chowaza pamwamba kuti chikapse mofiirira.

Tsabola ndimagula ku Soweto Market, kapena pamsika wa Lachiwiri wa mumsewu wa Burma, womwe uli pafupi ndi kwathu. Wobiriwira wamkulu uja ali ndi madzi ambiri, ndiye ndikamudula timagawo ting'onoting'ono ndimamufinya pakansalu koyera. Ukapanda kutero sikono imakhala yamadzimadzi pamene pali tsabolapo. Wowawa ndimaika malinga ndi kumene akupita. Amayi a ku Chelstone amene amaitanitsa za kitchen party amafuna wakuti amveke ndithu. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga ambiri amapempha wakuda wogaya ndi anyezi wamasamba, kuti ana nawonso adye. A m'maofesi a mu Cairo Road sasankha, bola afike akadali ofunda nthawi ya tiyi.

Uvuni uyambe watentha mpaka madigiri 220 thireyi isanalowe, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 18 amakhala apsa. Moto wofooka umangosungunula batala n'kumuchititsa kuyenderera pa thireyi. Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka kuposa amene ankayaka, ndipo ambiri a ife ophika tinabwerera ku mbaula. Ndimathira mchenga pansi pa poto wamkulu, n'kuutenthetsa, kenako ndimakhazika thireyi yaing'ono pamchengapo, kuvundikira ndi lata, n'kuika makala amoto pamwamba pake. Makala a pamwamba achuluke kuposa a pansi, chifukwa tchizi chikakhudza chitsulo chotentha kwambiri chimapserera n'kuwawa. Panjira imeneyi ndimachepetsa kukula kwa masikono kuti moto ufike pakati, ndipo mpaka lero pali makasitomala amene amachita kunena kuti akufuna a pambaula.

Akapsa sindiwaika m'pulasitiki. Nthunzi ikatsekeredwa imafewetsa khungu lija lokhukhuluza, lomwe ndi theka la kukoma kwake. Ndimawayala m'basiketi, kufunditsa kansalu, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Ndimaphika okhawo amene aitanitsidwa ndi ochepa apadera, chifukwa masikono awa sagona: a m'mawa ayenera kudyedwa dzuwa lisanapendeke.